Sukulu ya pa Kapela: Mbiri ya Maphunziro a m'Midzi Yathu

Ambiri mwa akuluakulu a m'maparokia athu amene amatha kulemba dzina lawo sanaphunzirire m'nyumba ya njerwa ndi malata. Anaphunzirira m'kanyumba komata ndi dothi, kofolera udzu, kamene pakati pa sabata kanali sukulu ndipo Lamulungu kanali kapela. Woimirira kutsogolo anali munthu mmodzi yemweyo. M'mawa ankaphunzitsa ana zilembo ndi masamu, madzulo ankaphunzitsa katekisimu anthu okonzekera ubatizo, ndipo pa tsiku la Ambuye, wansembe akakhala kutali, ankatsogolera mapemphero. Apwitikizi ankachula kanyumba kameneka kuti escola-capela. Mabuku a mbiri amakamba zambiri za mamishoni akuluakulu ndi za ansembe amene anawamanga, koma ana ambiri a ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga ndi m'mbali mwa nyanja ku Niassa anadziwira kuwerenga m'timanyumba tating'ono timeneti, ndipo mbiri yake njoyenera kuidziwa banja lililonse limene lili ndi mwana wopita kusukulu kapena ku katekisimu lero.

Tisayambe ndi bodza lakuti maphunziro anabwera ndi azungu. Amishoni asanafike, mudzi wa Acewa unali ndi anamkungwi olangiza atsikana pa cinamwali, unali ndi dambwe la anyamata, unali ndi mphala ndi gowelo, unali ndi agogo osimba nthano ndi kuphera ana miyambi madzulo pamoto. Angoni a Maseko amene anakhazikika cakufupi ndi phiri la Domwe anali ndi njira zawo zolerera anyamata, kuyambira kubusa kwa ng'ombe. Mwana sanali wa bambo ndi mayi ake okha: malume, azakhali ndi mudzi wonse anali ndi mawu pa kakulidwe kake. Cimene amishoni anabweretsa cinali buku, sileti ndi Uthenga Wabwino. Cizolowezi cakuti mudzi uzisonkhanitsa ana ake ndi kuwapereka kwa mlangizi wodalirika anacipeza cilipo kale, ndipo sukulu ya pa kapela inazika mizu cifukwa inamera pa nthaka imeneyo. Mikangano inalipo ndithu, makamaka pakati pa sukulu ndi dambwe, ndipo m'midzi ina mabala ake sanapoleretu mpaka lero.

M'cigwa ca Zambezi nchito inayambira ku Boroma, kumtunda kwa mzinda wa Tete, kumene Ajezuwiti anatsegula mishoni ya Yosefe Woyera m'caka ca 1885. Ana oyamba kuphunzira kumeneko ambiri anali owomboledwa ku ukapolo, pakuti malonda a anthu anali asanathe m'cigwamo. Anaphunzira kuwerenga, komanso ukalipentala, zosulasula ndi zomangamanga, ndipo asisitere a Yosefe Woyera a ku Cluny atafika anayamba kulera atsikana. Bambo Victor Courtois analemba galamala ndi dikishonale ya cilankhulo ca ku Tete, cifukwa ansembe a nthawiyo anazindikira msanga kuti katekisimu wosamveka m'khutu la mwana ndi phokoso cabe. Cakumapiri kuno, mishoni ya Fransisko Saverio Woyera ku Lifidzi inatsegulidwa ca m'ma 1909. Sinakhalitse m'manja mwa oiyambitsa. M'caka ca 1910 ufumu unagwa ku Portugal, boma latsopano linathamangitsa Ajezuwiti, ndipo ansembe a Mawu a Mulungu ocokera ku Germany amene analowa m'malo mwawo anacotsedwanso pamene Portugal inalowa m'nkhondo yolimbana ndi Germany m'caka ca 1916. Ajezuwiti anabwereranso ku Lifidzi m'caka ca 1941, patapita zaka makumi atatu.

Akatolika sanali okha pa nchito imeneyi, ndipo n'cilungamo kuchula anzathu. Kunyanja, a mpingo wa Anglican anakhazikika pa cilumba ca Likoma m'caka ca 1885, ndipo William Percival Johnson anayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kwa zaka zoposa makumi anayi, akusiya aphunzitsi m'mudzi ndi m'mudzi ndi kumasulira Malembo m'Cinyanja ca kumeneko. Sitima yochedwa Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda m'caka ca 1901, inkanyamula wansembe, mabuku ndi anyamata ophunzira uphunzitsi, moti inali ngati sukulu yoyandama. Ku Cóbuè kunali koleji ya aphunzitsi ya Mikaeli Woyera, ndipo Messumba inadzakhala likulu la maphunziro m'dera lonselo. Ku Angónia, a mpingo wa Dutch Reformed anatsegula mishoni ya Mphatso m'caka ca 1909, koma boma la Apwitikizi linawatulutsa m'caka ca 1922. Akhristu awo anatsala ndi akulu a mpingo okha, akumadumpha malire kukabatizitsa ana ku Nyasaland. Iwowa analawa msanga moyo wa mpingo wopanda abusa, umene ife tinadzaulawa patapita zaka makumi asanu.

Caka cimene cinasintha zonse ndi 1940. Pa 7 Meyi boma la Salazar ndi Vatican anasainirana Concordata pamodzi ndi pangano lokhudza mamishoni, ndipo caka cotsatira lamulo lochedwa Estatuto Missionário linaika maphunziro onse a ana a anthu akuda m'manja mwa mamishoni a Cikatolika. Boma linkapereka ndalama pang'ono, Mpingo unkapereka ansembe, aphunzitsi ndi nyumba. Kuyambira pamenepo masukulu a pa kapela anaculuka ngati bowa wa m'dzinja. Mishoni ya Fonte Boa inatsegulidwa m'caka ca 1945, ku Zóbuè kunamangidwa seminale yaing'ono imene Abambo Oyera ankayendetsa, ndipo m'caka ca 1962 Tete inapatulidwa ku Beira n'kukhala diosezi payokha.

Pangano limeneli linali ndi mano. Maphunziro amene ana athu ankalandira ankachedwa ensino rudimentar, ndiko kuti maphunziro a ciyambi cabe, ndipo anali osiyana ndi a ana a azungu ndi a anthu ocepa amene anali ndi mapepala a usimilado. Mwana wa m'mudzi ankatha zaka zitatu kapena kuposerapo m'makalasi oyambirira asanaloledwe kulowa pulaimale yeniyeni, ndipo pofika pa khomo la sekondale ankapeza kuti msinkhu wolowera wamupitirira. Phunziro lililonse linkayenera kuperekedwa m'Cipwitikizi. Cilankhulo ca makolo cinaloledwa pa cinthu cimodzi cokha: kuphunzitsa cipembedzo. Taganizani za mwana wa zaka zisanu ndi zitatu wa ku Domwe, amene kwawo sanamvepo liwu limodzi la Cipwitikizi, akuloweza pamtima mitsinje ya ku Portugal ndi maina a mafumu a ku Lisboa, mbalamatodya ili pa tebulo. Ambiri ankabwereza kalasi imodzi kawiri kapena katatu, kenaka n'kusiya. M'madera ambiri ana ankathera maola oculuka m'munda wa mishoni kusiyana ndi m'kalasi, ndipo Eduardo Mondlane anadzudzula poyera dongosolo lonseli. Ngakhale mkati mwa Mpingo munali odzudzula. Episkopi woyamba wa Beira, Ambuye Sebastião Soares de Resende, amene dera lathu linali m'manja mwawo mpaka 1962, analankhula mosaopa motsutsa cibalo ndi ulimi wokakamiza wa thonje, ndipo ankafuna kuti ana a anthu akuda afike mpaka ku maphunziro apamwamba. Dzina la dongosololi linasinthidwa kukhala ensino de adaptação m'caka ca 1956, lamulo losiyanitsa anthu la indigenato linathetsedwa m'caka ca 1961, koma pofika pa ufulu anthu oposa asanu ndi anayi mwa khumi alionse m'dziko muno sankadziwa kuwerenga. Ciwerengero cimeneci Mpingo sungacikane, pakuti sukulu zinali m'manja mwake kwa zaka 34.

Komabe lamulo la cilankhulo lija linabala cipatso cimene olilemba sanaciyembekezere. Popeza katekisimu yekha ndiye ankaphunzitsidwa m'Cinyanja, ora la katekisimu ndilo linali ora lokhalo limene mwana ankamva zonse zimene mphunzitsi akunena. Zilembo zimene anaphunzira movutika m'Cipwitikizi ankazigwiritsa nchito powerenga buku la mapemphero ndi la nyimbo m'cilankhulo cake, ndipo mabuku ambiri otero ankacokera kutsidya kwa malire, ku mamishoni a ku Nyasaland. Anyamata amene anapita kukagwira nchito ku Salisbury, ku Wankie kapena ku migodi ya ku Joni ankalembera makalata kumudzi m'Cinyanja, ndipo makalatawo ankawerengedwa ndi mphunzitsi wa pa kapela kapena ndi mwana wa sukulu, agogo atakhala pamphasa kumvetsera. Makolo ambiri anatumiza ana kusukulu cifukwa ca makalata amenewa, kuti nkhani za ndalama ndi za maliro zisamadzere m'kamwa mwa mlendo.

Za mphunzitsi-katekista mwiniwake tiyenera kunena zambiri kuposa zimene zimanenedwa. Malipiro ake anali ocepa kwambiri, moti ankadalira munda wake ndi khasu la mkazi wake. Ankakhala pakati pa moto uwiri: wansembe ankafuna ciwerengero ca ana ndi ca obatizidwa, nyakwawa ndi asipayo ankafuna anyamata a cibalo ndi msonkho, makolo ankafuna ana awo kubusa ndi kumunda. Iye ndiye ankayenda khomo ndi khomo kupempha kuti mtsikana asakwatiwe asanamalize kalasi, iye ndiye ankabatiza khanda lodwala pakati pa usiku, iye ndiye ankaika maliro. Mkazi wake, amene dzina lake silinalembedwe m'kaundula aliyense, ankaphunzitsa amayi kusoka, kusamala ana ndi mapemphero a m'banja. Pambuyo pa Msonkhano Waciwiri wa Vatican, umene unatha m'caka ca 1965, maepiskopi ena anaona kuti munthu wotere sayenera kukonzedwa mwa masabata ocepa. Anatsegula malo ophunzitsira akatekista, monga Anchilo pafupi ndi Nampula m'caka ca 1969, Nazaré ku Beira ndi Guiúa ku Inhambane. Cacilendo pa malo amenewa cinali cakuti katekista sankapita yekha. Ankasamuka ndi mkazi ndi ana, banja lonse n'kukhala pamenepo nthawi yaitali: bambo akuphunzira Malembo ndi ulimi, mayi akuphunzira kuwerenga, zaumoyo ndi katekisimu, ana ali kusukulu. Nzeru yake inali yakuti mudzi umakhulupirira msanga zimene ukuona pakhomo pa katekista kuposa zimene ukumva pakamwa pake.

Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, ndipo patangotha mwezi umodzi, pa 24 Julaye, Pulezidenti Samora Machel analengeza kuti sukulu zonse ndi zipatala zonse zili m'manja mwa boma. Tsiku limenelo Mpingo unataya pafupifupi nyumba zonse zimene unkaphunzitsiramo. Amishoni ambiri anacoka, ena anatsala n'kumaphunzitsa ngati anchito a boma m'sukulu zimene anamanga okha. Tikanena zoona, boma latsopano linacita cinthu cacikulu pa zaka zoyambazo: ciwerengero ca ana a pulaimale cinawirikiza kawiri m'zaka zocepa, ndipo kuyambira 1978 kunali makampeni ophunzitsa akuluakulu kuwerenga, amayi okalamba akugwira pensulo koyamba pansi pa mtengo. Koma boma lomwelo linkaona cipembedzo ngati mdima wofunika kuucotsa. Makapela ambiri, makamaka oyandikana ndi sukulu, anatsekedwa kapena kusandutsidwa makalasi ndi nkhokwe, maulendo a ansembe opita kumidzi anavuta, ndipo kuphunzitsa ana katekisimu poyera kunali kudziika pa ngozi.

Mu Seputembala 1977 nthumwi za madiosezi onse zinakumana ku Beira pa msonkhano woyamba wa dziko lonse wokambirana za ubusa. Anthu amene anali atangolandidwa zonse anagwirizana kuti Mpingo wa m'Mozambique ukhale Mpingo wa magulu ang'onoang'ono a Akhristu, amene ife timati miphakati kapena makomunidade, ndipo kuti nchito zimene kale zinali pa phewa la wansembe ndi mphunzitsi wolipidwa zigawidwe pakati pa Akhristu eni ake. Wina akhale wotsogolera Mawu, wina wa katekisimu wa ana, wina wa acinyamata, wina wolangiza mabanja, wina woyendera odwala, wina wa maliro, onse osalipidwa, onse osankhidwa ndi anzawo. Cigamulo cimeneci ndico cinasamutsa maphunziro a cikhristu kucoka ku mishoni kupita pakhonde. Mayi amene anangofika kalasi yaciwiri anakhala mphunzitsi wa ana khumi a pamudzi. Agogo oloweza mapemphero pamtima anakhala buku la adzukulu. M'maganizo mwanga, palibe pangano la maboma kapena nyumba ya njerwa imene inacitira Mpingo wa kuno zabwino zoposa zimene unacita umphawi wa zaka zimenezo, ngakhale palibe amene angapemphere kuti ubwerenso.

Zinthu zinayamba kufewa pang'ono Pulezidenti Machel atakumana ndi atsogoleri a zipembedzo mu Disembala 1982, koma pamenepo nkhondo inali itayaka kale. Sukulu ndi aphunzitsi zinali pakati pa zinthu zoyamba kuonongedwa. M'dziko lonse masukulu a pulaimale oposa theka anatenthedwa kapena kutsekedwa, ndipo cigawo ca Tete cinali pakati pa zigawo zimene zinavulala koposa. Usiku wa pa 30 Okutobala 1985, ku Chapotera pafupi ndi Lifidzi, anthu a zida anatenga ansembe awiri a Cijezuwiti, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angónia konkuno, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal, n'kukawapha. Anali atasankha kukhala pakati pa anthu pamene kucoka kunali kotheka. Mlandu wopempha kuti Mpingo uwachule Odala unatsegulidwa mu diosezi ya Tete. Patapita nthawi yocepa midzi yambiri ya Angónia inatsala mabwinja, anthu atathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena ku Mwanza. Othawa nkhondo ku Malawi anafika pafupifupi miliyoni imodzi. Kumeneko aphunzitsi othawa nawo anatsegula makalasi a Cipwitikizi kuti ana asadzakhale alendo pobwerera kwawo, ana ena analowa sukulu za ku Malawi, ndipo akatekista anasonkhanitsa miphakati yawo monga momwe inalili kumudzi, akulemba maina a obatizidwa m'makope a sukulu. Mbadwo umenewo unabwerera ukudziwa kuwerenga Cicewa bwino kuposa makolo ake, ndipo nyimbo ndi mabuku ambiri amene timagwiritsa nchito m'makapela athu anabwera m'mitolo ya anthu obwerera.

Nkhondo itatsala pang'ono kutha, diosezi ya Inhambane inatsegulanso malo a akatekista a ku Guiúa, ndipo mabanja anasonkhana kuti ayambe maphunziro. Usiku wa pa 22 Malici 1992 anthu a zida anafika, n'kutenga amuna, akazi ndi ana, ndipo anapha oposa makumi awiri. Anafa atangoyamba kumene maphunziro awo. Pa 4 Okutobala caka comweco pangano la mtendere linasainidwa ku Roma, ndipo mmodzi mwa amkhalapakati anali Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa Beira.

Za pambuyo pa mtendere ambiri a inu mukuzidziwa ndi maso. Boma linali litayamba kale kubweza zina mwa nyumba za Mpingo ca m'nthawi ya ulendo wa Papa Yohane Paulo Waciwiri mu Seputembala 1988, ndipo kuyambira 1990 malamulo analolanso sukulu zosakhala za boma. Kunabadwa sukulu zochedwa za komunidade, zimene Mpingo kapena mudzi umamanga ndi kuyang'anira pamene boma limalipira aphunzitsi. Ku Msaladzi, m'boma la Tsangano, Ajezuwiti anatsegula sekondale ya Inácio de Loyola m'caka ca 2014, yokhala ndi malo ogona ana ocokera kutali ndiponso maphunziro a ulimi. M'maparokia ambiri munayambika maeskolinya, kumene ana osafika msinkhu wa pulaimale amasewera, kuimba, kumva Cipwitikizi koyamba ndi kumwa phala. Eskolinya ndi mdzukulu weniweni wa sukulu ya pa kapela: nyumba ndi ya mudzi, wophunzitsa ndi mwana wa pamudzi pomwepo, ndipo imakhala ndi moyo pokhapokha makolo akamasonkha cimanga ndi nkhuni. Zosonkhazo zikaleka, imatsekeka mwakacetecete, popanda womenya belu.

Nkhani ya cilankhulo nayo inatembenuka, ngakhale mocedwa. Pakati pa 1993 ndi 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, ndipo zilankhulo zimene zinasankhidwa pa kuyesako zinali Cinyanja ku Tete ndi Cicangana ku Gaza. Zotsatira zake zinalimbikitsa boma kuyamba maphunziro otere m'masukulu ena kuyambira 2003. Cimene akatswiri anapeza ndi cimene katekista wa 1950 ankacidziwa kale, kuti mwana amayankha, amafunsa ndi kutsutsa pamene akumva. Makolo ena amadandaula kuti Cinyanja cicedwetsa mwana kudziwa Cipwitikizi ca mayeso ndi ca nchito. Nkhawa yawo njomveka, pakuti mabuku a Cinyanja ndi aphunzitsi okonzekera bwino ndi ocepa, koma mwana amene wadziwa kuwerenga m'cilankhulo cake sayambanso pa ciyambi akafika pa cilankhulo caciwiri.

Pa za acinyamata, malamulo atatu a posacedwapa akukhudza khomo lililonse. Lamulo la maphunziro la 2018 linakweza maphunziro okakamiza kufika kalasi yacisanu ndi cinayi. Kumapeto kwa caka comweco unduna unacotsa lamulo la 2003 limene linkatumiza mtsikana woyembekezera ku makalasi a usiku, amene kumidzi kulibe n'komwe. M'caka ca 2019 Nyumba ya Malamulo inaletsa ukwati wa munthu aliyense wosakwana zaka 18, ndipo cilango cake cimagwera wokwatira, makolo ndi aliyense wothandizira. Malamulowa analembedwa ku Maputo, koma amene amadziwa kuti mtsikana wakuti wasiya sukulu nyengo yokumba mbatata, kapena kuti mnyamata wakuti wapita kukagwira ganyu m'minda ya fodya, ndi alangizi a mabanja ndi otsogolera acinyamata a mu mphakati. Nchito yoyenda khomo ndi khomo ija yabwerera kwa iwo, ndipo nthawi zambiri wofunika kumunyengerera ndi malume, osati bambo.

Pa 10 Meyi 2021 Papa Fransisko anakhazikitsa ukatekista kukhala utumiki wokhazikika mu Mpingo wonse, wopatsidwa ndi episkopi pa mwambo wake. Kwa Akhristu a ku Ulaya inali nkhani yatsopano. Kuno inangotsimikiza zimene zakhala zikucitika kuyambira masiku a Boroma ndi Lifidzi. Kalata ya Papa sinanene kuti munda wa katekista adzalima ndani pa sabata imene iye ali ku maphunziro ku parokia, kapena kuti mayi wophunzitsa pa eskolinya adzagula bwanji sopo. Msonkhano wa ku Beira unasankha utumiki wosalipidwa pa nthawi imene Mpingo unalibe kanthu ndipo anthu analibe kwina kopita. Lero mnyamata amene wamaliza kalasi ya 12 ali ndi njira ya ku Tete, ya ku Moatize ndi ya ku Joni, ndipo m'makapela ambiri akatekista amene anabwerera kucoka ku Dedza ndi ku Ntcheu m'ma 1993 ndi 1994 ndiwo akuphunzitsabe, tsitsi litayera.